Za Nsomba ndi Cheza cha Dzuwa

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndiponso m'madambo ozungulira Malomo, alipo alimi amene adakumba maiwe naikamo makumba ndi chilunguni. Dziwe lotere silikhala lakuya. Kawirikawiri madzi ake alekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu. Tsono m'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa liswa mtengo, nsombazo zisambira tsiku lonse pansi pa dzuwa lomwelo limene lingapsereze khungu la mwana wachialubino lisanathe ngakhale ola limodzi. Nsomba iribe chipewa kapena malaya, ndipo tiana take tiri toonekera mkati monga galasi. Nanga ipulumuka bwanji? Akatswiri adapeza kuti m'thupi mwa nsomba muli mmisiri wamng'ono zedi, amene akonza zimene dzuwa laononga, ndipo mphamvu yogwirira ntchitoyo aitenga ku dzuwa lomwelo. Adapezanso kuti munthu alibe mmisiri ameneyu. Pa zinthu ziwirizi pagona phunziro lino.

1. Cheza chosaoneka

Munthu akayang'ana utawaleza aona mitundu ya kuwala yondandalika bwino, kuyambira wofiira kufikira wabuluu ndi wa pepo. Mitundu yonseyi iri m'kuwala kwa dzuwa masiku onse, koma madontho a mvula ndiwo amailekanitsa. Kuseri kwa mtundu wotsiriza uja kuli cheza china chimene diso la munthu silingathe kuona. Akatswiri amachitcha ultraviolet, kapena mwachidule UV, ndipo amachigawa patatu: UV-A, UV-B ndi UV-C. Champhamvu koposa ndi UV-C, koma icho sichifika pansi pano, pakuti m'mwamba, pa mtunda wa makilomita 15 kufikira 35, muli mpweya wotchedwa ozoni umene umachimwa chonse. Mpweya womwewo umamwanso gawo lalikulu la UV-B, ndipo chotsalacho ndicho chimapsereza khungu. M'chaka cha 1985 akatswiri a ku Britain adalengeza kuti ozoni wachepa kwambiri pamwamba pa Antarctica. Choononga chake chinali mipweya ina imene anthu ankaika m'mafiriji ndi m'zitini zopopera, ndipo mu 1987 maiko adapangana ku Montreal kuti aleke kupanga mipweyayo.

Dziko la Malawi lilandira cheza chimenechi chochuluka chaka chonse. Ku Ntchisi ndi ku Dowa dzuwa lidutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale. Ndiponso munthu akakwera mamita 1,000, mphamvu ya UV ikula ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, chifukwa mpweya wotchinga uchepa. Nyanja ya Malawi iri pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja ya mchere, koma midzi ya m'mapiri iri pa mamita oposa 1,000. Apa mpamene anthu ambiri anyengedwa. Kumapiri kuli kamphepo kozizira, ndipo munthu ayesa kuti dzuwa lake nlofatsa kuposa la ku Nkhotakota. Komatu UV si kutentha iai. Khungu silichimva pamene chilowa, ndipo mitambo yopyapyala siichitchinga.

2. Chimene chionongeka

Thupi la nsomba, monganso la munthu, nlomangidwa ndi tizipinda tating'ono kwambiri totchedwa maselo, tooneka ndi makina okuza zinthu okha. M'kati mwa selo muli ulusi wautali wopiringizika umene dzina lake ndi DNA. Maonekedwe a ulusiwo adalongosoledwa mu 1953 ndi James Watson ndi Francis Crick, pothandizidwa ndi zithunzi za Rosalind Franklin ndi anzake: uli ngati makwerero opotedwa, a nsichi ziwiri. Pa ulusi umenewu palembedwa malangizo onse a thupi, ndipo alembedwa ndi zilembo zinai zokha, A, C, G ndi T. Malangizo a munthu ali ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni. Selo likafuna kugawika kuti thupi likule kapena bala lipole, liyamba lakopera malangizo onsewo chilembo ndi chilembo.

Cheza cha UV-B chikagwa pa ulusiwo pamalo pamene zilembo ziwiri za T ziri moyandikana, kapena T ndi C, zilembozo zimatirirana, ndipo pa ulusi pachita mfundo. Akatswiri awiri a ku Holland, Beukers ndi Berends, ndiwo adaonetsa kumatirirana kumeneku mu 1960. Selo likafika pa mfundoyo silingathe kuwerenga bwino. Mfundo zikachuluka selo lifa. Nchifukwa chake khungu lopsa ndi dzuwa lifiira, lipweteka, kenaka lisupuka. Koma choopsa koposa ndi selo limene silifa, limene lilumpha mfundoyo ndi kukopera chilembo cholakwa. Cholakwacho chipita kwa maselo onse obadwa mwa selolo, ndipo zolakwa zotere zikaunjikana zaka ndi zaka, selo lina lingayambe kuswana kosaleka. Nthenda imeneyo ndiyo khansa ya pakhungu.

3. M'mene mmisiri adadziwikira

Mu 1948 Albert Kelner ankagwira ntchito ku Cold Spring Harbor, ku Amereka. Iye ankawalitsa UV pa kachilombo ka m'nthaka kotchedwa Streptomyces griseus, komwe kaja kamapereka streptomycin, mankhwala a chifuwa chachikulu, ndipo ankawerenga tizilombo totsala tamoyo. Mawerengero ake sankagwirizana: lero tapulumuka tambiri, mawa towerengeka, chikhalirecho muyeso wa UV unali umodzimodzi. Poyamba adaganiza kuti chosiyanitsa ndi kutentha ndi kuzizira. Atalondola bwinobwino adaona kuti tizilombo topulumuka tinali tija tidakhala pafupi ndi zenera, pamene kuwala kwa masana kunkafika. Adayesanso mwadala, tina natisunga mumdima, tina poyera, ndipo ta poyera tidatsitsimuka. Adalemba za ichi mu 1949, ndipo chaka chomwecho Renato Dulbecco, Mtaliyana wogwira ntchito ku Indiana, adaona zomwezo payekha.

Chokonzacho chidadziwika mu 1958, pamene Claud Rupert ndi anzake ku Baltimore adaonetsa kuti madzi ofinyidwa m'maselo a tizilombo akhoza kukonza DNA yoonongeka ngakhale m'botolo, malinga pakhale kuwala. Chidatchedwa photolyase, dzina lochokera ku Chigriki lotanthauza chomasula ndi kuwala. Wophunzira wa Rupert, Aziz Sancar wa ku Turkey, adapatula malangizo opangira photolyase mu 1978, nathera zaka zambiri akufufuza kagwiridwe kake ka ntchito. Mu 2015 adalandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Tomas Lindahl ndi Paul Modrich, chifukwa cha maphunziro ao a njira zokonzera DNA.

Ntchito ya mmisiriyo iyenda motere. Iye afunafuna pa ulusi wa DNA, ndipo akapeza mfundo aigwira nakhala pomwepo. Ichi achita ngakhale usiku, koma kumasula sangathe kopanda kuwala. M'kati mwake muli kanthu kopangidwa kuchokera ku vitamini B2, kamene kamalandira mphamvu ya kuwala kwabuluu. Kuwalako kukafika, kanthuko kaponya kambewu kamodzi ka magetsi, kotchedwa elekitironi, pa zilembo zomatirirana zija. Zilembozo zilekana nizibwerera m'malo mwake, ndipo elekitironi ibwerera kwa mwini wake. Zonsezi zitha pa kamphindi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Palibe chodulidwa, palibe chotayika, ndipo mmisiri apita kukafuna mfundo ina. Anthu amati walira mvula walira matope. Koma pano dzuwa limene libweretsa bala libweretsanso mankhwala ake pa nthawi yomweyo, pakuti UV ndi kuwala kwabuluu zifika pamodzi.

4. Umboni wa nsomba

Mmisiri ameneyu apezeka m'tizilombo, m'zomera, mwa achule, m'mbalame ndi m'nsomba za mitundu yambiri. Koma nsomba ndizo zidayankha funso lalikulu la madokotala: kodi mfundo zija ndizodi zimayambitsa zotupa?

Mu 1977 Ronald Hart, Richard Setlow ndi Avril Woodhead adayesa pa kansomba ka ku Mexico ndi Texas kotchedwa Amazon molly. Tinsombati tonse ntatikazi, ndipo ana afanana ndi mai wao kotheratu, kotero kuti maselo a kansomba kamodzi akhoza kuikidwa mwa kanzake thupi osawakana. Akatswiriwo adatenga maselo, nawawalitsa ndi UV, nawabaya m'tinsomba tamoyo. Patapita miyezi, tinsomba tambiri tidatuluka zotupa pa chithokomiro. Maselo ena, atawawalitsa ndi UV, adayamba awaika pa kuwala kooneka asanawabaye, ndipo zotupa zidachepa kakhumi kapena kuposa. Koma pamene adatembenuza dongosolo, kuwala kooneka poyamba, UV pambuyo, zotupa sizidachepe. Tanthauzo lake nlomveka: photolyase amasula mfundo zokhazo, tsono ngati kumasula mfundo kuchotsa zotupa, ndiye kuti mfundozo ndizo gwero lake. Mu 1989 Setlow ndi anzake ku Brookhaven, New York, adayesanso pa tinsomba ta Xiphophorus, timene timagwidwa ndi khansa yakuda ya pakhungu, ndipo adaona chimodzimodzi: kuwala kooneka kukatsata UV, khansa ichepa.

Ku Japan akatswiri ankasunga maselo a nsomba yofiira yoweta, goldfish, m'timbale tagalasi. Mu 1992 Yasuhira ndi Yasui adaonetsa kuti maselowo akakhala poyera ayamba kupanga photolyase wochuluka kuposa akakhala mumdima. Ndiye kuti kuwala kugwira ntchito ziwiri: kuitana amisiri kuti achuluke, ndi kuwapatsa mphamvu. Selo la nsomba, ngakhale liri lokha m'mbale lopanda diso, lizindikira kuti kwacha, nilikonzekera mabala a masana. Komabe amisiri ochulukawo sangamasule mfundo ngati kuwala sikukhalapo bala litachitika.

Nsomba zimene akatswiri amayesazi si zachilendo kwenikweni. Goldfish ndi mbale wa matemba. Kansomba kamizeremizere ka ku India kotchedwa zebrafish, kamene kasungidwa m'nyumba zofufuzira za maiko ambiri, ndi mbale wa usipa, ndiponso wa mpasa, nsomba ija imachoka ku nyanja nikwera mtsinje wa Bua kukaswa.

5. Otaya mmisiri

Ku Somalia, pansi pa nthaka youma, kuli madzi a m'mapanga amene dzuwa silifikako. M'menemo mukhala kansomba kotuwa, kopanda maso ndi mamba, kotchedwa Phreatichthys andruzzii, kamene makolo ake adalowa mumdimamo zaka mamiliyoni zapitazo. Mu 2018 Nicholas Foulkes wa ku Karlsruhe, Germany, ndi anzake adalengeza kuti kansombaka kadataya njira yokonza ndi kuwala. Malangizo opangira photolyase akali m'thupi mwake, koma ena mwa iwo ngoonongeka. Ana a zebrafish atawalitsidwa ndi UV adachira ataikidwa poyera. Ana a nsomba ya m'phangayo kuwala sikudawathandize. Chida chimene sichigwira ntchito mibadwo yambirimbiri chichita dzimbiri.

Chodabwitsa nchakuti pa ichi munthu afanana ndi nsomba ya m'phanga, osati ya m'dziwe. Munthu, ng'ombe, mbuzi, galu, mbewa, ndi nyama zonse zimene ana ake amakhwimira m'mimba mwa mai, ziribe photolyase. Nyama zonyamula ana m'thumba, monga opossum wa ku Amereka, zikali naye. Akatswiri ambiri aganiza kuti makolo akale a nyama zoyamwitsa adakhala nthawi yaitali akuyenda usiku okha, ndi kubisala m'mauna masana, motero adataya mmisiriyo monga idachitira nsomba ya ku Somalia. Chimene chidatsala mwa munthu ndi mbale wake wa photolyase wotchedwa cryptochrome, amene sakonza DNA iai, koma athandiza thupi kusunga nthawi ya kugona ndi kudzuka.

Munthu ali ndi njira ina, yonga ya telala woika chigamba. Amisiri ambiri asonkhana pa mfundo, nadula chidutswa cha zilembo pafupifupi 30, nachitaya, nalembanso zilembo zatsopano poyang'ana nsichi inzake ya makwerero aja. Njira iyi igwira usana ndi usiku, koma njochedwa. Kukonza mabala a dzuwa la tsiku limodzi kungatenge maola ambiri, mwina tsiku lathunthu kapena kuposa. Kufunika kwake kudaoneka mu 1968, pamene James Cleaver wa ku San Francisco adapeza kuti ana obadwa ndi nthenda yosowa yotchedwa xeroderma pigmentosum alibe njira imeneyi, ndipo agwidwa ndi khansa ya pakhungu akali aang'ono. Nsomba ziri ndi njira zonse ziwiri. Munthu ali ndi imodzi.

6. Mau kwa mwini dziwe

Mmisiri wa nsomba ali ndi malire. Mabala akachuluka kuposa m'mene angakonzere, nsomba nayonso ipsa. Oweta nsomba za trout ndi salmon m'maiko ena adziwa bwino zilonda zotuwa zimene zituluka pa msana ndi kumbuyo kwa mutu, nsomba zikasungidwa m'madzi osaya ndi oyera kwambiri. Pa zilondazo pamera nkhungu, ndipo nsomba zifa. Zosachedwa kuvulala ndi mazira ndi tiana tongoswedwa kumene, pakuti khungu lake silinade, ndipo maselo ake agawika msangamsanga. Makumba ndi chambo zifungatira mazira ndi ana m'kamwa mwa mai, m'mene mulinso mthunzi. Chilunguni chiikira mazira m'chisa pansi, kufupi ndi gombe, pamene madzi ali osaya.

Chifukwa chake mlimi achite izi. Mbali imodzi ya dziwe ikhale yakuya mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, kuti nsomba zikhale ndi kothawira masana. Athire manyowa a nkhuku kapena a mbuzi monga alangizi anenera, kuti madzi abiriwire. Tizomera tobiriwiritsa madzito ndi chakudya cha nsomba, ndiponso timwa UV isanafike pansi. Muyeso wake ngwapafupi: aviike mkono kufikira pa chigongono, ndipo ngati chikhatho chikali kuoneka bwino, madziwo ayera mopitirira. Ponyamula mbewu ya nsomba ayende m'mamawa kapena madzulo, ndipo asasiye tiana m'beseni la madzi oyera pa dzuwa la masana. Koma asaphimbe dziwe lonse ndi mthunzi wa mitengo, pakuti dzuwa lifunditsa madzi, limeretsa chakudya, ndiponso lipatsa mmisiri uja mphamvu.

7. Mau kwa makolo ndi aphunzitsi

Wina atamva phunziro ili angaganize kuti khungu lopsa lichira munthu akakhalabe poyera. Kwa nsomba zingatero. Kwa munthu nzabodza. Ola liri lonse la pa dzuwa lionjeza mfundo, ndipo palibe imodzi yomwe kuwala kuimasula. Chishango chachikulu cha munthu ndi utoto wakuda wa m'khungu wotchedwa melanin, umene umamwa UV isanafike pa DNA. Khungu lakuda litetezedwa kwambiri, ngakhale maso a munthu ali yense akhoza kuchita ng'ala msanga chifukwa cha dzuwa la zaka zambiri.

Anthu achialubino abadwa ndi melanin wochepa zedi. Ichi chichokera ku malangizo a m'maselo amene mwana alandira kwa bambo ndi kwa mai omwe. Si tsoka, si ufiti, ndipo si mlandu wa mai. Telala wa m'maselo mwao agwira ntchito bwino monga mwa anthu ena onse, koma mabala amfikira ochuluka kosati nkuwatha. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi, ndipo khansa ya pakhungu ndi mdani wamkulu wa moyo wao. Mabala a DNA ayamba kuunjikana mwana akali kumbuyo kwa mai wake, ngakhale chilonda chidzaoneke atakula.

Tsono mwana wotere avale chipewa cha mlomo waukulu chophimba makutu ndi khosi, malaya a manja aatali, ndi chovala chofika ku akakolo. Adzole mafuta oteteza ku dzuwa pa nkhope, pa milomo, m'khosi ndi m'manja tsiku ndi tsiku, ngakhale kuli mitambo; makolo afunse za mafutawo ku chipatala. Kuyambira 10 koloko m'mawa kufikira 4 koloko madzulo akhale pa mthunzi, ndipo ntchito za kumunda, kutunga madzi ndi kubusa azichita m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Mphunzitsi wophunzitsa pansi pa mtengo aone kuti mthunzi usuntha, ndipo amsunthe mwanayo pamodzi nao. Asamkhazike pa zenera lolowa dzuwa, kapena kumvula chipewa pa bwalo chifukwa cha mwambo wa sukulu. Okonza misonkhano, maukwati ndi maliro asunge malo a mthunzi. Kachilonda kosapola patapita milungu ingapo, kapena kakhungu kokhakhala kotuluka magazi, kaonetsedwe ku chipatala msanga, pakuti khansa iyi ichizika bwino ikali yaing'ono. Mbewa ya manyazi idafera ku una.

Mafunso

1. Chifukwa ninji dzuwa la kumapiri a Ntchisi lingapsereze khungu ngakhale kuli kozizira?
2. Cheza cha UV-B chichita chiani pa ulusi wa DNA?
3. Albert Kelner adaona chiani pa tizilombo timene tinali pafupi ndi zenera?
4. Photolyase angachite chiani mumdima, ndipo sangachite chiani?
5. Kansomba ka Amazon molly kadaphunzitsa madokotala chiani?
6. Munthu afanana bwanji ndi nsomba ya m'mapanga a ku Somalia?
7. Mwini dziwe adziwa bwanji kuti madzi ake ayera mopitirira?
8. Ndi zinthu zinai ziti zimene mudzi ungachite pofuna kuteteza mwana wachialubino ku dzuwa?